Loweruka Lino Sindipita kwa Tamara

Lachinayi madzulo, ku Kapata.

Lero mtima sunali pa ntchito. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikuunika mawu ofotokoza zida zimene AI, pulogalamu yathu ya pakompyuta, imagwiritsa ntchito posanja zochita za mu ofesi, kuti izidziwa choyamba ndi choyenera kutsatira. Pa chida china panangolembedwa kuti "chimalumikiza ntchito ziwiri," osanena yoyamba ndi iti. AI inangosankha yokha, n'kuika zotumiza mauthenga kwa alimi patsogolo, mayina a alimiwo tisanawalowetse n'komwe. Mawuwo ndawakonza, koma a Jere, mkulu wa gulu lathu, akuti Loweruka tibwere tidzayese zida zonse.

Lowerukalo ndiye ndimati ndipite ku Mtenguleni kwa amayi, kumene akukhala mwana wanga Tamara. Nditaimba foni, amayi anati dzino lake lakutsogolo likugwedera, ndipo sakulola aliyense kulikhudza.

"Mama, mudzalizula ndinu," anatero Tamara. "Ndikutafunira mbali inayo kuti lisachoke."

Ndinamuuza kuti ndibwera sabata yamawa. Kenako anati, "Likachoka lokha, ndikusungirani m'kabokosi ka machesi."