Kapinga ndamuzula ndekha

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja waphwa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Mukukumbukira chithunzi chija ndinaima pa kapinga wobiriwira, alamu n'kumaseka kuti ndinapita kutali kukameta udzu ngati mutu wa mwana? Kapinga ameneyo kulibenso. Ndamuzula ndekha, ndi manja omwewa amene amuthirira zaka zisanu ndi ziwiri.

Adona amene ndimawagwirira ntchito anadzuka ndi nzeru zatsopano. Akuti kapinga amamwa madzi ambiri, ndipo njuchi ndi agulugufe sapezapo chakudya. Ndiye anakagula zomera zakutchire za m'timiphika, galimoto yodzaza. Nditaziyang'ana ndinazizindikira. Ndi zomwe zija ndakhala ndikuzula m'mawa uliwonse, adona omwewo atandiimirira kumsana, akuloza chimene ndasiya. Lero ndazibzala ndi chingwe, motalikirana bwino, ndipo ndikangopondapo kamodzi ndimakalipiridwa.

Mtengo waukulu wa kuseri kwa khitchini, umene ndinkakhala patsinde pake podya masana, unang'aluka ndi mphepo, odula mitengo n'kudzaugwetsa. Ndinapempha nthambi zochepa zokolezera moto, poti m'chipinda mwanga mumazizira. Anandikaniza. Thunthu ndinalipala n'kukhala benchi, nthambi ndinaziyala m'mbali mwa tinjira, utuchi ndinaumwaza m'maluwa. Chitsa akuti chiwolere pomwepo kuti tizilombo tipeze pokhala.

Ntchito itatha anandiitana, iwo atakhala pabenchi paja. Anandiyamikira kuti ndili ndi luso. Kenako anandiuza akumwetulira kuti ubwino wa zomerazi ndi woti sizifuna kuthirira kapena kutchetcha, zimadzisamala zokha. Ndinamva asanamalize. Mwezi ukatha ndipereke makiyi, chipinda changa asungiremo makina otchetchera udzu mpaka apeze wogula. Chiswe achipezera nyumba, achemwali, ine andichotsa. Zikundiwawa, sindibisa. Ndinaiwala kuti mlendo ndi mame.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti amalume akufuna kupereka munda wanga kwa mwana wawo, ati wagonera zaka zambiri mpaka wasanduka tchire. Chonde kawauzeni adikire, ndikubwera mvula isanagwe. Amayi musawauze kaye chimene chikundibweretsa, angasowe nacho tulo. Tchirelo pasapezeke woliyatsa kapena kulisosa, ndidzathana nalo ndekha. Ndikufuna ndidzazule chinthu m'munda mwanga popanda munthu wodzandiuza mawa lake kuti ndichibzalenso.

Moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Amalume muwapatsenso moni, koma mutayamba mwawauza za munda.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi