Nkhope ya Stelia Yabwerera Pakhomo

Ligowe,
Neno.

Okondedwa alamu anga a Kumbukani,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Muli bwanji ku Karongako, inu ndi bambo akunyumba a Lameki, ndi ana? Kutentha kwa kumeneko sikunakusungunuleni? Ife kuno tili bwino, kupatula kuzizira komwe kwayamba msanga chaka chino. Chiyanjano anadwalako chifuwa, koma tinapita naye kuchipatala cha pa Ligowe ndipo tsopano akuthamanga ngati kale. Apongozi, mayi anu, ali bwinoko, maso okha ndiwo akunka nachita chidima. Mbatata yabereka, manachesi apsa, msewu wathu udakali momwe munausiyira.

Mudabwa kuti mlamu wanu wayamba liti kulemba makalata, chonsecho foni ali nayo. Ndinayesa kukuthokozani pa foni tsiku lija, koma munamva nokha. Netiweki inkadula, ndipo ikabwerera, mawu anga ndiwo ankadula. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Inu munangotumiza chithunzi, koma zomwe chithunzicho chachita pakhomo pano simunazimve.

Ndiyambire kutali pang'ono. Mukukumbukira kuti mkulu wanu Stelia, mkazi wanga, sankafuna kujambulidwa. Ukamuloza ndi foni ankabisa nkhope ndi chitenje. Chithunzi chokhacho chomwe chinamugwira bwinobwino ndi chija munamujambula inu mobera, pansi pa mtengo wa manachesi kuseri kwa nyumba, atanyamula Chiyanjano ali wakhanda, akuseka zopusa zomwe ndinanena ine. Chaka chotsatira anatisiya, mwana asanayambe n'kuyankhula komwe.

Munanditumizira pa Watsapu, ine n'kugawira abale, abale n'kugawira a kwaya yomwe ankaimbamo. Mtima wanga unali m'malo. Ndinkati chinthu chikakhala m'mafoni ambiri chonchi sichingatayike.

Kenako foni yanga inagwera mumtsinje ndikuwoloka ndi thumba la feteleza. Ndinapempha achimwene anga a Binwell kuti anditumizirenso. Iwo anali atasinthanso foni, ndipo chawo anachitenga kwa mayi wina wa kwaya, yemwe naye anachidula pa uthenga wa maliro. Ulendo wina ndinali ndi kafoni kopanda Watsapu, ndiye ndinangojambula galasi la foni ya mnzanga. Chimenecho ndicho chinadzazunguliranso kwa onse aja atataya zawo.

Ine ndine mlimi wa kachewere. Ndimadziwa kuti mbewu ukamangobwereza yomweyo chaka ndi chaka imanka nichepa, mpaka umadzakumba tinthu tonga nsangalabwi. Koma palibe anandiuza kuti chithunzi nachonso chimachepa mphamvu chikamadutsa m'manja ambiri. Panalibe tsiku loti tinganene kuti lero chawonongeka. Chinkangotha pang'onopang'ono ife tikuyang'ana. Pofika chaka chatha mtengo unkaoneka, chitenje chinkaoneka, koma pankhope panangotsala timadontho tiwiri ndi kamzere koyera.

Chakumapeto kwa chaka, pa Tsiku la Anakubala, Chiyanjano anabwera ali ndwii. Anati anzake amufunsa kuti amayi ake ankaoneka bwanji, pomwe iye nkhope yawo sakuidziwa. Anati akufuna amayi ake akhale pakhoma monga zilili m'nyumba za anzake.

A Binwell mukuwadziwa, akagula chinthu chatsopano mudzi wonse umayenera kudziwa. Anati imeneyi ndi nkhani yaing'ono, foni yawo ili ndi kapulogalamu kobwezeretsa nkhope pa zithunzi zofufutika. Anadinadina, posakhalitsa panatuluka mzimayi. Wokongola ndithu, sindinama. Khungu losalala ngati sanapondeko kumunda, woyererako, mphuno yowongoka, mano ogundana bwino. Chitenje chinali cha Stelia, mtengo unali wathu, mwana anali wathu. Koma munthuyo ine sindinamuonepo chibadwire.

Ndisanatsegule pakamwa, Chiyanjano anali atalanda kale foni n'kuikumbatira pachifuwa. Anandifunsa ngati amayi ake analidi okongola chonchi. Alamu, mukanakhala inu mukanayankha chiyani? Ine ndinati eya. Tinakachitsukitsa kwa a Mustafa, aja ali ndi shopu ya zithunzi ku Boma, n'kuchipachika pabalaza.

M'mawa uliwonse mwana ankachipatsa moni asanapite kusukulu. Akakhoza mayeso ankakachionetsa kope. Apongozi atabwera kuchokera ku Midzemba anaima pansi pa chithunzicho nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa kuti maso awo atheratu, poti mwana wobereka okha sakumuzindikiranso. Anadziimba mlandu okha, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Koma chomwe chinandiopsa ndi china. Patapita miyezi, ndikati ndimuganize Stelia ndili kumunda, nkhope yomwe inkabwera inali ya pakhoma ija. Ndinkayesa kuikankha kuti ndipeze yeniyeni, osaipeza. Mayendedwe ake ndinkawakumbukira, mmene ankagwirira khasu ndinkakumbukira, koma akatembenuka m'maganizomo, anali mlendo. Ndinkachita mantha, ndipo ndinalibe womuuza.

Ndiye kunabwera foni yanu ya vidiyo ija pa Isitala. Munaona chithunzi kumbuyo kwanga n'kundifunsa mukuseka kuti kodi ndakwatira osakuitanani, nanga mayi ali pakhomawo ndi akuti. Mwamwayi Chiyanjano anali kumjigo. Ndinakuuzani kuti ameneyo ndi mkulu wanu, n'kukufotokozerani zonse zomwe zinachitikira chithunzi chija.

Mutamva zimenezo munandiuza kuti zithunzi zanu zimakwera zokha kumalo ena pa intaneti. Munati kalekale munasankha kuti zizisungidwa monga momwe zinajambulidwira, osazipanikiza kuti zichepe, ngakhale kutero kumadzazitsa malo msanga. Munati mafoni mwasintha angapo, ina inabedwa m'basi, koma zomwe zili kumeneko sizinasunthe. Ine zonsezi ndinangomva theka. Ndinangotolapo zoti muli ndi nkhokwe m'mwamba yomwe anankafumbwe sakuidziwa.

Munandikalipiranso, ndipo ndinavomera. Munati ulendo uno chisadzere m'foni mwanga, kapena mwa a Binwell, kapena mwa aliyense wa kwaya. Munati muchitumiza chathunthu pa imelo ya a Mustafa, iwo achitsuke kuchokera pomwepo.

Ndinakwera kabaza kupita ku Boma. A Mustafa anandikhazika pakampando n'kutembenuzira kompyuta kwa ine. Chitatseguka anayamba kuchikuza. Ndinkadikira kuti chiphwanyike m'timabokosi monga zinkachitira zathu zija, koma chinkangoyandikira. Stelia wakuda bii monga analili, thukuta pamphumi, mpata uja pakati pa mano akutsogolo, kachipsera ka pachibwano komwe ankati munamugenda ndinu muli ana. Ngakhale phini yomwe ankamangira bulauzi yoduka batani inkaoneka.

Ndinalira, alamu. Mwamuna wamkulu, m'shopu ya eni ake, anthu ali pamzere kudikira kujambulitsa mapepala awo. A Mustafa anapeza chochita kuseri kwa makina awo mpaka nditapukuta maso. Anatsuka ziwiri, china anandiikira pa fulashi, nandilangiza kuti ndisachipachike pomwe pamawomba dzuwa. Anawonjeza kuti pepala limafufutika ndipo fulashi imasowa, choncho ndisapeputse chomwe chili kwa inu, ndicho mayi wa zonsezi.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma ayi. Chiyanjano atachiona anachikankha. Anati amenewa si amayi ake, amayi ake ndi omwe ali pakhomawo. Anati ndikufuna kumulanda amayi kachiwiri. Mawu amenewo anandilasa. Tsiku limenelo sanadye, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti kunali bwino ndikanangosiya zinthu momwe zinalili.

Sindinamukakamize. Ndinamuuza zoona zokhazokha, kuti chakale chija chinafufutika, ndipo foni ya bambo ake aakulu inangopeka nkhope pomwe panalibe nkhope. Chenichenicho ndinachiimika patebulo, chinacho n'kuchisiya pakhoma. Kwa masiku angapo m'nyumba munali azimayi awiri, mwana osapatsa moni ndi mmodzi yemwe.

Loweruka apongozi anabweranso. Sindinawauze kanthu. Atangolowa, ndi maso awo omwewo akuti anatha, analunjika patebulo, nachinyamula, n'kumuitana Stelia ndi dzina lake la paubwana lija. Anakhala pansi n'kuyamba kumuuza za nkhuku zawo ndi za mwendo wawo womwe ukuvuta, ngati akucheza ndi munthu wongofika kuchokera kuulendo. Chiyanjano anaima pakhomo akuonerera.

M'mawa mwake ndinamupeza kuseri kwa nyumba ndi kagalasi kanga kometera ndevu, chithunzi chili pamiyendo, akusekerera dala kuti aone mano ake. Mpata uja nayenso ali nawo, ndipo kusukulu amamuseka nawo. Anandifunsa ngati amayi akenso ankasekedwa. Ndinati ankasekedwa ndithu, koma ine mpata umenewo ndiwo unandiyendetsa wapansi mpaka ku Midzemba kukawafunsira.

Cha pakhoma chija anachitsitsa yekha. Anandifunsa kuti nanga mayi awa kwawo n'kuti. Ndinati alibe kwawo, munthu wotero sanakhaleko. Anaganiza pang'ono, nati ndiye tisawataye, ndi achisoni. Panopa ali mu sutikesi pansi pa zovala za kutchalitchi. A Binwell anachita manyazi, koma musawakalipire, ankafuna zabwino. Masiku ano akonza chithunzi chawo chomwe, akuoneka ngati mnyamata wa ku koleji, ndipo akazi awo akuti akanakonda kukwatiwa ndi ameneyo.

Zikomo, alamu. Ndikulemba liwu limeneli koma likuchepa. Ife amene tinkati timamukonda tinamugawana mpaka kumumaliza, inu munamusunga wathunthu zaka zonsezi osadziwa n'komwe kuti tsiku lina tidzamusowa. Mwabwezera mayi anu mwana wawo, mwabwezera Chiyanjano amayi ake. Inenso tsopano ndikatseka maso, amene amatembenuka ndi Stelia.

Koma mukudziwa mlamu wanu, akathokoza ndiye kuti pempho lili m'njira. Chonde nkhokwe imeneyo musaitaye. A Mustafa akuti malo otere ukawasiya nthawi yaitali osalowamo amatha kutsekedwa. Malo akadzadza, fufutani zithunzi za a Lameki atanyamula nsomba, zilipo zambiri, koma ichi musachichepetse. Ndipo mawu achinsinsi otsegulira nkhokweyo, muuzeniko munthu wina yemwe mumamukhulupirira, poti moyo wa munthu sitiudziwa. Chiyanjano akadzakula mudzamupatse yekha.

Pempho lachiwiri ndilo landikhazika pansi kulemba kalatayi. Dzulo tikukumba mbatata, mwana ananena kuti pa chithunzi amayi ake akuseka, koma akufuna adziwe kuti kusekako kunkamveka bwanji. Ndinaimika khasu n'kuyesa kutsanzira. Chomwe chinatuluka chinali changa, osati cha Stelia. Anati palibe kanthu ababa, n'kupitiriza kutola mbatata.

Ndiye fufuzani m'nkhokwe mwanumo. Mwina tsiku lija chala chinaterereka n'kujambula kavidiyo, kaya kakafupi, kaya koonetsa nthaka yokha, bola mawu alimo. Mwina pa ukwati wina, mwina ku kwaya. Mukakapeza, mukudziwa kale kokatumiza.

Mukapanda kukapeza, bwerani nokha sukulu zikatsekera. Anthu kuno amati inu ndi mkulu wanu munkaseka mofanana, moti mukakhala kuseri kwa nyumba sankadziwa kuti waseka ndani. Mudzangokhala naye pakhonde mwanayo. Chokuseketsani ndidzachipeza ine.

Mulungu akusungeni inu ndi nyumba yanu yonse. Mundiperekere moni kwa a Lameki ndi ana. Apongozi akuti muzivala chipewa padzuwa, ndipo Chiyanjano akuti moni kwa amayi ake aang'ono.

Ndine mlamu wanu,
Gerishon