Sindinaledzere, Amai

Kabwata, Lusaka
16 Ogasiti 2024

Okondedwa Amai,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Katete kumeneko, ndi kuti mwendo wa atate waleka kutupa. Ine ndilipo. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa lilime langa limalemera masiku ano, ndipo pa nkhani iyi sindifuna kuti liwu ngakhale limodzi likupiteni. Zala nazo zachita dzanzi, choncho mukhululukire zilembo zokhotazi. Za Loweruka lapitali ndikudziwa kuti zakufikani kale, koma zabwera ndi pakamwa pa ena. Tsopano imvani zanga.

Matenda anga atayamba, ndikuphunzitsa ku Chelstone, choko chinkangopulumuka m'manja ndipo diso lamanzere linkaona ngati muli utsi. Amene ananditengera kuchipatala pa galimoto yake ndi mlamu wanga Charlotte, mlongo wa amuna anga a Phineas. Anali pambali panga pamene dokotala ankatisonyeza zithunzi za ubongo wanga. Dokotalayo anati dzina la matendawa ndi multiple sclerosis, amawononga mitsempha, sachiritsika, ndipo masiku ena ndidzayenda modzandira ndi kulankhula ngati munthu wamwa. Charlotte anamva zonsezi ndi makutu ake. Anandigwira dzanja, nalira.

Ndiye Charlotte yemweyo, pa ukwati wa ku Woodlands uja, nditagwa pakati pa mipando, m'malo mondidzutsa anatulutsa foni n'kundijambula. Vidiyoyo inazungulira abale onse, amai a kutchalitchi, mpaka makolo a ana a m'kalasi mwanga, pansi pake atalembapo kuti, "Tipemphelele mulamu wathu, moba wamugwila." Ankafuna mlongo wake apeze mkazi wamphamvu. A Phineas ankadziwa choonadi koma anakhala chete, pakuti mwamuna wosiya chidakwa anthu amamumvetsa, wosiya wodwala amamunyoza. Anandisiyadi, ndipo ntchito nayo inatha. Mwana wanga Kayla anamutengera kwa Charlotte ku Kabulonga, ati asakulire pafupi ndi botolo. Ine anandilandira ndi mnzanga Lubuto, amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, mumsika wa Kabwata.

Amai, za miyezi yotsatirayo ndinakubisirani. Mukaimba ndinkati ndili bwino, koma ndinali chigonere, nkhope kukhoma. Kusamba kunali ngati kukwera phiri. Tiyi amene Lubuto ankandisiyira m'mawa ankamupeza madzulo atazizira pomwepo. Sindinkalira n'komwe, m'kati munangouma. Masana ena anabwerera msanga kumsika n'kundipeza nditakhuthulira mapiritsi anga onse m'dzanja. Sanakuwe. Anangowatenga, nandiveka nsapato, napita nane kwa dokotala wa matenda a maganizo.

Dokotalayo, mayi wofatsa, anandipatsa mankhwala, nati, "Rhoda, peza chinthu chimodzi chokha chokudzutsa m'mawa." Mwina ankaganiza za kwaya kapena maluwa. Ine ndinapeza Charlotte.

Nditamva kuti mwana wake Kimberly akukwatiwa, ndipo kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi, idzachitikira pakhomo pawo, ndinayamba kudzuka. Ndinkayenda ndi ndodo yanga kuchoka pageti kukafika pomwe pamaima minibasi, kenako mpaka kumsika. Ndikagwa, ndinkaona nkhope yake n'kudzuka. Ndikatsala ndekha ndinkalankhula mokweza kuti lilime lizolowere. Lubuto anandifunsa kuti, "Iwe Rhoda, ufuna kuchita chani maka-maka?" Ndinati, "Nifuna chabe kupeleka mphatso."

Lubuto anandipezera chitenje chofanana ndi cha oitanidwa, choncho mlonda wa pageti sanatifunse kanthu. M'tenti munali azimayi okhaokha, ng'oma zikulira, Kimberly atakhala pamphasa, wofunditsidwa chitenje. Mukudziwa mwambo wake: aliyense amapereka mphatso yake, kufotokoza ntchito yake, n'kuvina. Nthawi yanga itafika ndinayenda pang'onopang'ono n'kulandira maikolofoni. Charlotte atandizindikira anaimirira.

"Muchotseni uyo, analedzela!"

Koma amake a mkwati, amene sankandidziwa, anakweza dzanja. "Mulekeni atsilize, mlendo uyu."

Ndinati, "Kimberly mwana wanga, makapu aya uzimwela tiyi na amuna ako. Ine ndine anti ako Rhoda, uja munaona mu vidiyo. Moba sininaulawepo chibadwile. Nidwala matenda a mitsempha, ndipo amene ananipeleka kuchipatala ni amai ako." Kenako ndinatembenukira kwa iye. "Ba Charlotte, apongozi a mwana wanu ali apa. Auzeni, dokotala anakamba chani tsiku lija munanigwila dzanja?"

Amai, lilime langa silinandigwetse ngakhale kamodzi. Lake ndi limene linalemera. Anangoyang'ana pansi. Ng'oma zinaleka. Ndinawauza za ntchito yanga, za Kayla, ndi za mapiritsi aja m'dzanja, ndipo mafoni amene anandijambula nditagwa ndinawaona akujambula iye. Amake a mkwati anatola chikwama chawo n'kutuluka ndi anthu awo chakudya chisanagawidwe. Pansi pa chitenje paja Kimberly ankasisima.

Akulu a mpingo atumiza mawu kuti ndikapepese. Sindipita. Misozi ya Kimberly imandiluma, chifukwa mwanayo sanandilakwire, koma Kayla wanga analakwira yani? Akuti ukwati mwina uimitsidwa, akutinso Charlotte sakutuluka m'chipinda. Ayang'ane khoma nayenso, alidziwe bwino.

Lachiwiri a Phineas anabweretsa Kayla ndi kachikwama kake, namusiya pageti osalowa. Watalika, Amai. Anaima patali kundiyang'ana, kenako anafunsa kuti, "Mami, ni zoona simumwa?" Mwana wanga wakhala nthawi yonseyi akuchita manyazi ndi ine. Ndani angandiuze kuti ndinapyola muyeso?

Komabe ndisakunamizeni. Ndinkayesa kuti ndikabwezera ndichira mumtima. Lachitatu mdima uja unabweranso, ndipo ndinatha kudzuka dzuwa lili pamutu, Kayla atakhala pamphepete pa bedi ndi chipeso m'manja. Zala zanga zinakanika kumuluka, anamuluka ndi Lubuto ine ndikuonerera. Mankhwala ndikumwa, kwa dokotala ndikupita, koma ndikuopa, chifukwa chimene chinkandidzutsa ndachigwiritsa kale ntchito.

N'chifukwa chake ndikupempha mubwere, mudzakhale nafe ngakhale mwezi umodzi. Mundiperekere moni kwa atate, muwawerengere kalatayi yonse osadumpha. Moninso kwa achimwene a Bwezani, amene anasiya kuyankha mauthenga anga. Muwauze kuti nambala yanga sinasinthe.

Mukabwera ndidzakuchingamirani ndekha ku Intercity, ndi ndodo yanga. Ulendo watha uja, mutatsika basi n'kundikumbatira, munachedwa pafupi ndi pakamwa panga, mukununkhiza. Munkayesa sindinaone. Ndinaona, Amai, ndipo zinandipweteka kuposa vidiyo ya Charlotte. Inu nokha ndi amene sindikufuna kukubwezerani. Ulendo uno mudzangondikumbatira basi.

Ndine mwana wanu,
Rhoda