Chisomo Wagwadira Aphunzitsi

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno kunja ku Lanham matupi ali bwino, koma m'nyumba mulibe mtendere.

Paja mwana wathu Chisomo amaphunzira gule wa ku Thailand Loweruka lililonse. Sabata yatha kunali mwambo wawo wothokoza aphunzitsi. Ana anayenda ndi maondo atanyamula maluwa, makandulo ndi lubani, n'kuwerama pamapazi pa aphunzitsi. Achimwene anu anangodzambatuka, n'kumukoka mwana dzanja anthu onse akuona. Akuti n'kupembedza mafano. Mpaka lero Chisomo sakuwayankhula, ngakhale kudya mwanayu akuvuta.

Chonde muwaimbire, inu amakumverani. Muwakumbutse kuti ine ndimawagwadira powasambitsa m'manja, koma sanandiuzepo kuti ndikuchimwa.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a Chisomo