Mawondo a Mervin ku South Bend

Lachitatu, 9 Okutobala

Mervin waimba ndili pa shifiti. Loweruka akunditengera ku South Bend, tikaone tchalitchi chakale chija cha nsanja yaitali. "Udzatchene, Chawezi," akutero. Chiyambire chibwenzi chathu munthuyu sanasamalepo zomwe ndavala. Mphete basi! Ndaseka ndekha m'chikepe cha kuchipatala, mayi wina mpaka kusendera uko.

Lachinayi, 10 Okutobala

Zikhadabo ndapangitsa. Mtengo wake sindilemba. Dzanja lamanzere ndikungoliyang'ana ngati ndi la wina.

Lachisanu, 11 Okutobala

Zandivuta. Azakhali anga a Magdalene a ku Lawrence nawonso akupita, ati Mervin wawaitana yekha. Mwamuna wanji wofunsira mkazi azakhali ali pambali ndi kolona? Ndalira pang'ono. Diresi ndasitabe.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndilembe zonse ndisanagone.

Msewu wonse azakhali nyimbo za Maria. Kufika, nyumba zakale za njerwa, masamba ofiira mbwee pansi. Tchalitchicho, mayo ine! Akuti anachimanga motengera za ku Ulaya zamakedzana. Denga kutali, nyenyezi zagolide, angelo. Kuwala kwa mawindo amitundumitundu kugwera pa diresi langa. Anthu onse akunong'ona.

Kenako Mervin anagwada. Ine dzanja kutambasula. Osandiyang'ana n'komwe! Anagwadira azakhali, n'kuomba m'manja: "Azakhali, mundilozere khomo la amalume ake a Chawezi. Akwathu akufuna akagogode."

Azakhali nthungululu, m'tchalitchi muja! Inakagunda kudenga n'kubwerera. Alendo onse cheu. Bambo woyang'anira malowo kubwera chothamanga, kuyesa wina wakomoka. Ndinaseka mpaka misozi, dzanja lidakali m'malere.

Lamulungu, 13 Okutobala

Amalume ku Dedza amva kale. Amayi avina pa vidiyo. Azimayi a kumpingo ayamba kukangana za mtundu wa chitenje cha chinkhoswe. Aliyense wavomera.

Ndakumbukira ndikutsuka mbale: ineyo palibe wandifunsa.

Ndamulembera Mervin: "Bambo, azakhali akulolani. Muwakwatire."

Lolemba, 14 Okutobala

Tsiku lonse zii, osayankha. Kapena ndanyanya? Ndimamukonda munthuyu, ndi kupusa kwake komwe.

Galimoto yake yaima panja. Ndikumuona pazenera, akukonza kolala, kabokosi kali m'manja. Ndimuuza kuti ndikaganize kaye, adikire sabata yonse. Nkhope yolimba, osaseka, osatambasula dzanja msanga ngati dzana.

Diresi lija ndaika kuti?