Sakisineti ndi thiraki ya a Jaffu

Lolemba, 10 Malichi

Kodi analamula ndani kuti womaliza sukulu aziyamba wadikira kaye? Aliyense nyimbo ndi imodzi: ugwire mtima Tiyese, nthawi yako ikubwera. Ikubwera wapansi kapena? Digiri ya sayansi ili m'sutikesi, mwini wake ndili pa boda, kuthamangitsa mapepala oolotsera mathiraki mu ofesi ya amalume a Masauko. Malipiro: chipisi cha masana.

Koma lero imelo. Yunivesite ina ya ku Joni ikufuna kundifunsa mafunso pa foni, ya kanema, Lachitatu sabata yamawa. Malo amodzi okha, a digiri ya masitazi, zonse kulipira iwo. Mutu wake: momwe mapuloteni amaolotsera sakisineti pa khungu la selo. Amalume sindiwauza. Ndikuwadziwa: "Ku Joniko uli ndi ndani?"

Lachinayi, 13 Malichi

Woyeserera naye ndinalibe, ndiye ndagwira a Jaffu, dalaivala wochokera ku Beira. Thiraki yawo yaima chifukwa mwini katundu sanalipire msonkho, kothawira alibe.

Ndawauza kuti sakisineti ndi kanthu kamene selo limapanga pophwanya chakudya. Khungu la selo ndi lamafuta, iko kali ndi chaji ya magetsi, pakokha sikangaboole. Ndiye puloteni yokhala pakhungupo imakagwira limodzi ndi masodiyamu atatu, n'kutsetsereka nako ngati chikepe, n'kukatula mkati.

Iwo ati, "Basi puloteniyo ndi amalume ako. Nanga imatchaja zingati?" Ndati imayendera sodiyamu yemweyo, wa mumchere, poti kunja ngwambiri ndipo amachita kukankhana polowa. Ati, "Mchere wokha? Kawauze a Masauko atsitse mtengo."

Ndaseka mpaka misozi. Koma amva, eti! Azungu a ku Joni alephere bwanji?

Loweruka, 15 Malichi

Vuto ndi malo. Kunyumba netiweki mpaka ukwere pachulu. Ku ofesi lamulo la amalume: nthawi ya ntchito foni m'thumba. A Jaffu andibwereka mutu wa thiraki yawo. Ati muli chaja, ndipo ukakweza magalasi sumva ngakhale mabingu. Mwini katundu akuti alipira mwezi ukatha, ndiye siisuntha.

Jekete ndabwereka kwa Fyness wa pa saluni. Manja aatali, ndipinda.

Mantha andigwira madzulo ano. Ndikalephera, ndidzakalambira pa boda pano, ana a anthu akundiitana kuti anti a mapepala.

Lachitatu, 19 Malichi

Amalume sakundilankhula. A Jaffu akuti anditumizira bilu ya dizilo.

Mwini katundu uja, mfiti yeniyeni, walipira m'mawa uno. Nthawi ya mafunso itangotsala pang'ono amalume akundipatsa mapepala: "Thamanga, a Jaffu anyamuke pompano, atsekereza anzawo kumbuyo." Ndinathamangadi, mpaka m'thiraki. Eni ake anali kotafuna chipisi. Ndikawapatsa mapepala, ofesi yanga ikupita ku Blantyre.

Pa foni anthu atatu, wamkulu wawo mayi wa magalasi. Mafunso oyamba ndinawameza ngati nthochi. Chikepe chija anachigwedezera mutu. Kenako mahutala. Thiraki imodzi, ina, mzere wonse. Za magalasi zija a Jaffu ananama. Mayiyo akufunsa ngati kwathu kuli ukwati. Ndati eya, pang'ono.

Ndiye funso lalikulu: chingachitike n'chiyani puloteniyo itatseguka kunja ndi mkati nthawi imodzi? Yankho ndikulidziwa bwino, sodiyamu angakhuthukire mkati chisawawa, mphamvu yonyamulira katundu n'kuthera pomwepo. Ndisanatsegule pakamwa, kumanja a Jaffu akwera pa sitepe, makiyi akuwaona ali pampando. Kumanzere amalume, nkhope ili pa galasi, mtsempha wa pakhosi uli panja, pakamwa pakutchula dzina langa lonse ndi la agogo omwe.

Ndinakhoma zitseko zonse ziwiri, ndinakhalira mapepala aja, n'kuwapempha mayiwo kuti abwereze funsolo pang'onopang'ono.