Mumusiye Mwana Adzuke

Lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni, bambo a ana anga, koma themometa yanu ikadali m'kapu ya misuwachi momwe munaisiya. Palibe amene walimba mtima kuichotsa.

Munali munthu wovuta, tisanamizane. Amuna anzanu poweruka ankanyamula buledi, inu munkabwera ndi nkhani za timbewa toyera ta ku labotale kwanu. Mlendo asanakhale n'komwe pansi, mwamupanikiza kale themometa kukhwapa. Mlamu wanu anatha chaka osaponda pakhomo pano, koma lero ndi amene amayamba kulira tikakutchulani.

Munkati thupi limafunda masana n'kuzizirako munthu akagona, ndipo kakusintha kakang'onoko ndi kamene kamauza maselo nthawi. Poti ine ndine telala, munandifotokozera pa makina anga. Munati uthenga umene maselo amawerenga, uja munkautcha RNA, uli ngati nsalu imodzi: thupi likafunda amaudula n'kuulumikiza mwanjira ina, likazizira mwanjira inanso, zidutswa zina n'kutsala pansi. Pofuna kuti ndimvetsetse, munadula nsalu ya kasitomala wanga. Ndinamvetsa, ee, komanso inu munandimva tsiku limenelo!

Koma mlandu wanu waukulu ndi mzime wathu. Ine ndikati ndimudzutse, inu munkamuikira kumbuyo, ati maselo ake sanamalize kusoka. Taonani tsopano. Ndi bambo wandevu, wapeza ntchito yolawirira ku bekale, koma dzuwa limamupeza akuliza mkonono. Bwana wake wanenetsa kuti akachedwanso kamodzi asavutike n'kubwera. Ndayesa kumulanda bulangeti, ndayesa kumenya chivundikiro cha poto pakhutu pake. Achemwali ake anafika pomuwaza madzi ozizira, ati maselowo azindikire kuti kwacha. Koma mwana wanu, ayi ndithu.

Sabata yatha ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. Iye anangoyang'ana pansi n'kundiuza kuti alamu amaimva bwinobwino, koma inu mumamufikira m'maloto kukamacha, ndiye sangadzuke bambo ake ali pakati polankhula. Ndinalowa kuchipinda n'kukalira ndekha, chisoni ndi nsanje yomwe, chifukwa kwa ine simunabwerepo n'kamodzi komwe.

Ndiye tamverani, bambo. Muzimufikira msanga, ndipo nkhanizo muzifupikitsa, pajatu inu mukayamba simudziwa polekezera. Mwana adzuke, ntchito isamuthere. Zimene zatsalazo muzibwera nazo kwa ine. Ine ndilibe bwana wondidikira, ndidzamvetsera mpaka mumalize.

Zina tingaiwale, koma inu ayi.

Mkazi wanu, ana anu atatu, zidzukulu ndi mlamu wanu.